Thanki ya sefa yathu yayamba kuterera ndi kununkha, titsuke bwanji?

Mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre walemba motere: "Chaka cha 2023, nthawi imene kolera inavuta ija, tinagula sefa ya madzi ya zigawo ziwiri. Timathira madzi pamwamba, amadutsa m'makandulo awiri oyera a dongo osefera madzi, n'kukadikha m'thanki ya pansi imene ili ndi kampopi. Kuyambira pamenepo timamwa madzi amenewa osaphitsanso. Sabata yatha mwana wanga wamkulu anati madziwo akumveka fungo la padambo. Nditatsegula n'kupisa chala, ndinapeza mkati mukuterera ngati therere, ndipo mbali yoyang'ana kuwindo yachita kubiriwira. Kunena zoona thanki ya pansiyo sindinaitsukepo, ndinkati mumalowa madzi oyera okhaokha. Bambo akunyumba akuti tikweche ndi mchenga ndi sopo wa ufa. Anzanga ena akuti ndithiremo Jik, ena akuti Jik ndi poizoni. Kodi tamwa kale matenda? Titsuke bwanji? Mchemwali wanga ku Lilongwe ali ndi sefa yamagetsi ya pakhoma, nayenso akufunsa zomwezi."

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zimene mwapezazo ndimakumana nazo kawirikawiri ndikaitanidwa kukaona sefa yoti yatha chaka isanatsegulidwe pansi, ndipo eni ake amayankha ndendende mmene mwaneneramu, kuti "timati mumalowa madzi oyera okhaokha." Sefa yanu sinafe. Kuterera kokhako sikutanthauza kuti m'nyumba mwalowa kolera, ndipo ngati ana akusewera bwinobwino, palibe amene akutsegula m'mimba, musadzizunze ndi za madzi amene anamwedwa kale. Chimene ndikupempheni n'chakuti madzi a m'thankimo musamwenso kufikira mutatsuka. Masiku awiri atatu amenewa phitsani madzi, kapena thirani WaterGuard monga mwa malangizo a pabotolo, kachivindikiro kamodzi pa chigubu cha malita 20, n'kudikira mphindi 30.

Ndiyambe ndi chifukwa chake, pakuti mukachimvetsa, zina zonsezi mudzazitulukira nokha. Madzi ambiri amene mumalandira ku Blantyre amatungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, amayeretsedwa, n'kuthiridwa klorini asanayambe ulendo wokwera kubwera mumzinda. Klorini ameneyo sathiridwa kuti aphe majeremusi pamalo oyeretsera pokha. Amasiyidwa pang'ono m'madzimo kuti aziwalondera m'njira monse mpaka pampopi wanu, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina madzi a pampopi amamveka kafungo ka mankhwala. Tsono makandulo ambiri a sefa ngati yanu amakhala ndi makala mkati mwake, ndipo ntchito ya makalawo ndi kuchotsa klorini yemweyo kuti madzi azikoma. N'chifukwa chake madzi a m'sefa amatsetsereka bwino pakhosi. Koma taganizani: madzi amene atsikira m'thanki ya pansi ndi oyera ndithu, koma mlonda wawo uja watsala pamwamba. Kachilombo kalikonse kamene kangalowe m'thankimo, kaya kudzera pachala, pa kampopi, kapena pamene mwanyamula chigawo cha pamwamba n'kuchikhazika patebulo, sikapeza chokaopsa. Kamakhazikika pakhoma la thanki, kamaswana, n'kumadzikutira ndi ntchofu yopyapyala. Ntchofu imeneyo ndiyo therere limene chala chanu chinagwira. Ndi zofanana ndi zoterera zimene zimamera mkati mwa mtsuko umene umangowonjezeredwa madzi osakhuthulidwa, kapenanso zimene lilime limamva pamano m'mawa musanatsuke m'kamwa.

Tizilombo tambiri ta mu ntchofu imeneyi ndi tamba wamba ta m'madzi ndi mumpweya, tosadwalitsa munthu wathanzi. Vuto lake lili pawiri. Choyamba, ntchofuyo imakhala ngati nyumba yomangidwa kale: tsiku limene kachilombo koopsa kadzalowe, mwachitsanzo kuchokera m'manja mwa mwana wochokera kuchimbudzi, kadzapeza pobisala ndi chakudya. Chachiwiri, mankhwala salowa bwino mu ntchofu. Mutha kuthira klorini m'thanki yoterera, iye n'kungopha za pamwamba, za pansi n'kutsala, pakatha masiku ochepa fungo n'kubwereranso. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa, n'kumanena kuti Jik sagwira ntchito. Mankhwala amabwera pambuyo pa dzanja. Muyambe mwachotsa ntchofuyo potikita, kenako mankhwala amalize zotsala.

Zobiriwirazo ndi ndere, ndipo mwadziyankha kale ponena kuti zili mbali ya kuwindo. Ndere sizimera popanda kuwala. Pulasitiki yoyera kapena yoonekera mkati imalowetsa dzuwa, ndiye ngakhale mutatsuka bwanji, sefa ikabwerera pawindo pomwepo ndere zidzabwereranso. Isunthireni pakona pamthunzi, kutali ndi mbaula kapena chitofu, ndipo ngati malo ndi ochepa, ivekeni chitenje chochindikala chochapa bwino, kampopi kokha n'kumaonekera. Mukadzaona mitundu ina musasokonezeke. Zoyera zolimba ngati choko ndi laimu wa m'madzi, amene amavuta kwambiri kwa omwe amatunga pamjigo. Zofiirira ngati dzimbiri ndi chitsulo cha m'madzi kapena cha m'mapaipi akale. Timadontho takuda pa marabala nthawi zambiri ndi nkhungu, koma fumbi lakuda pansi pa thanki litha kukhala makala amene akutuluka m'kandulo, ndipo zikatero kanduloyo muiyang'anitsitse.

Za mchenga wa bambo: muwauze kuti pa mfundo ya kukwecha alondola, koma chida ndicho asankha cholakwika. Mchenga, phulusa losasefa ndi waya wotsukira mapoto zimakanda pulasitiki. Maso saona timikwasa timeneto, koma kwa majeremusi ndi makwalala oti siponji singawafikire, ndipo thanki yokandika imayamba kuterera msanga kuposa kale. Ndinapitapo panyumba ina pamene mayi wake ankanyadira kuti thanki amaikwecha ndi waya Loweruka lililonse. Inkaoneka yoyera, koma mkati munali mwankhakata ngati lilime la ng'ombe, ndipo fungo silinkatha masiku atatu lisanabwerere. Tinangogwirizana kuti chigawo cha pansicho chisinthidwe. Sopo wa ufa wochapira zovala nayenso ayi. Mafuta onunkhiritsa amene ali m'menemo amalowerera m'pulasitiki, ndipo mudzamwa madzi omveka zochapa mwezi wonse. Kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale n'kokwanira.

Tsopano kutsuka kwenikweni. Sankhani tsiku limene pampopi pakutuluka madzi oyera bwino, osati tsiku limene angobwera kumene atasowa, pamene amayamba ndi matope. Ngati madzi anu ndi okayikitsa, phitsani ndowa imodzi usiku wake kuti izizire, ikhale yotsukuluzira. Anthu amaiwala zimenezi: amatsuka thanki mwaluso, kenako n'kutsukuluza ndi madzi a m'diramu la panja, ntchito yonse n'kupita pachabe. Sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, chifukwa mkono wonse ulowa m'thankimo. Gulani siponji yatsopano yofewa ndi mswachi watsopano, zikhale za sefa basi, zisadzakhudzeko mbale ya ndiwo. Siponji ya pasinki, imene yatsuka mapoto a nyama ndi usipa, ndi chinthu chodzaza majeremusi kuposa china chilichonse m'khitchini mwanu.

Mukanyamula chigawo cha pamwamba, samalani pochikhazika. Kunsi kwake kuli timilomo ta makandulo, pamene madzi oyera amadonthera. Timilomo timeneto tikagunda pansi kapena pasinki, mwaipitsa njira ya madzi oyera. Chigonekeni chammbali pa mbale yaikulu yotsuka, kapena wina achigwirire. Kenako khuthulani thanki, mumasule kampopi. Kumbuyo kwake, mkati mwa thanki, kuli nati yapulasitiki ndi marabala awiri, wina mkati wina kunja. Kumbukirani mmene akhalira kuti musadzavutike pobwezera. Ndikukutsimikizirani kuti mukayang'ana m'kampopimo mudzadabwa. Pa masefa amene ndatsegula, malo onyansa kwambiri sakhala thanki, amakhala kampopi, chifukwa ndi pamene madzi oyera amakumana ndi dziko lakunja. Ana amagwirapo ndi manja a mango, ena amagunditsa kukamwa kwa botolo limene amwera kale, wina amayamwa kumene ngati palibe womuona, ntchentche nazo zimaterapo. Lowetsani mswachi mbali zonse ziwiri, mutsukenso mazinga a nati ndi marabalawo.

Thankiyo itikiteni paliponse ndi siponji ndi madzi ofunda a sopo, makamaka m'makona, pa mkombero wa pansi ndi pozungulira bowo la kampopi. Muyeso wake ndi chala chanu chomwecho: pamene patsuka bwino pamachita kulira chala chikamadutsa, sipaterera. Tsukuluzani mpaka thovu lithe. Ngati pali laimu woyera uja, ino ndiyo nthawi yake: thiranipo viniga kapena madzi a mandimu, mudikire kanthawi, mutikite, n'kutsukuluza kwambiri musanafike pa klorini.

Tifike pa mkangano wa anzanu aja. Onse akunena zoona, aliyense theka lake. Jik ndi klorini yemwe uja amene ali mu WaterGuard ndi m'madzi a pampopi, kungoti ndi wamphamvu kwambiri. Akamwedwa osasungunula amawotcha, koma akasungunulidwa moyenera n'kutsukuluzidwa, ndi mankhwala abwino ndi otsika mtengo pa ntchito imeneyi. Gulani Jik wamba, amene pabotolo palembedwa 3.5%, osati wonunkhira mandimu kapena maluwa, komanso osati wokhuthala wotsukira zimbudzi. Muyeso wake ndi supuni imodzi yaikulu, ya mamililita 15, pa malita 5 a madzi ozizira. Ngati thanki yanu ndi ya malita 10, masupuni awiri. Musawonjezere poganiza kuti zikhala bwino koposa. Mungovutika ndi fungo ndi kufooketsa marabala. Madzi otentha ayi, amathamangitsa klorini n'kumupititsa m'mphuno mwanu. Bwezerani kampopi, dzazani thanki ndi madzi a Jik amenewo mpaka pakamwa, tsegulani kampopi pang'ono kuti nako kadzaze, tsekani, vindikirani ndi mbale yoyera, mudikire mphindi 30. Ikakwana nthawi, tulutsani madzi onsewo kudzera pa kampopi, osati kukhuthulira pamwamba, kuti njira yonse ilandire mankhwala. Tsukuluzani kawiri kapena katatu ndi madzi abwino aja. Ngati thanki ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, musapitirire mphindi 30 zimenezo, ndipo musaigoneke ndi Jik usiku wonse, chifukwa klorini akakhalitsa amadya chitsulocho n'kusiya timaenje.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera: Jik asakumane ndi viniga, mandimu, kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini umene umatsamwitsa ndi kuwotcha m'chifuwa, ndipo m'khitchini yaing'ono yotseka mawindo munthu atha kugwa. N'chifukwa chake ndati mukagwiritsa ntchito viniga mutsukuluze kaye kwambiri. Tsegulani zitseko, ana akhale panja, ndipo madzi a Jik musawasiye m'kapu kapena m'botolo la zakumwa ngakhale kwa mphindi imodzi. Dziwaninso kuti Jik amafooka akakhalitsa, makamaka pamalo otentha. Botolo limene lakhala pawindo kuyambira chaka chatha, loti mukatsegula fungo silikugundani, musalidalire. Ena ali ndi klorini wa ufa uja wa HTH amene anafala nthawi ya kolera. Ameneyo ndi wamphamvu kwambiri, pafupifupi 70%, ndipo si woyeza ndi maso. Ngati ndi amene muli naye, pitani kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akusungunulireni ndi kukuuzani muyeso.

Mukatsukuluza, musapukute. Ndikudziwa kuti dzanja la mayi limathamangira kansalu, koma kansalu ka m'khitchini kamabwezera m'thanki zonse zimene mwachotsa. Ivundikireni pa thandala loyera kapena pa mbale yotsuka, iume yokha, kapena ingoibwezerani ili yonyowa choncho.

Makandulo ali ndi malamulo akeawo, ndipo apa mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene sefa zambiri zimafera m'manja mwa eni ake. Kandulo ndi dongo lowotcha lokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo limamwa chilichonse chimene mwalipaka. Sopo asayandikire. Jik asayandikire. Imasuleni mosamala, muigwire kamlomo kake kali m'mwamba kapena mutatseka ndi chala choyera, kuti madzi akuda asalowe mbali yotulukira madzi oyera. Ikwecheni pang'onopang'ono ndi burashi yofewa kapena mbali yokhakhala ya siponji yatsopano, madzi oyera akuyenderera, mpaka zofiirira za kunja zichoke n'kuoneka kuyera kwake. Kukwecha kulikonse kumadya dongolo pang'ono, ndiye musachite ngati mukupala chinangwa. Ikwecheni pokhapokha madzi akayamba kudontha mochedwa. Za kuiphika m'madzi owira, zimene ena amalangiza, tsatirani pepala limene linabwera ndi sefa yanu, chifukwa makandulo okhala ndi makala mkati ndiponso omatidwa ndi guluu kumutu ambiri salola zimenezo.

Ikakhala m'manja, iyang'anitsitseni powala. Mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi ndi msewu wa majeremusi. Sindidzaiwala banja lina limene linandiuza mosangalala kuti sefa yawo "yazolowera", chifukwa kale inkatenga usiku wonse koma tsopano ikudzaza pa ola limodzi. Kandulo inali itang'aluka kuchokera kumutu mpaka pakati, ndipo kwa miyezi anali akumwa madzi ongodutsa. Sefa ya dongo ikayamba kufulumira mwadzidzidzi, musakondwe. Mwina kandulo yasweka, mwina rabala wa pakhosi pake wamasuka. Pobwezera, mangani nati ndi dzanja mpaka igwire, osati ndi pulayala. Ndipo kunena mosabisa, makandulo amene mwagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kuyambira 2023 ntchito yawo aigwira. Makala a mkati amatopa pakatha miyezi 6 mpaka 12, ndipo makala otopa nawonso amasanduka malo oswanirana tizilombo ndi gwero la fungo. Ine ndikanakhala inu ndikanagula atsopano tsiku lomwelo lotsuka thanki, n'kuyambiranso zonse pamodzi. Tengani yakaleyo popita kusitolo kuti mukayerekeze mazinga ndi kutalika.

Mukamanga zonse, madzi oyamba kudutsa musamwe. Athirireni maluwa. Ngati makandulo ndi atsopano, tayani maulendo awiri oyamba, chifukwa amatuluka ndi fumbi la dongo ndi la makala.

Nanga muzitsuka kangati? Pa nyumba ya ana ngati yanu, ine ndimati thanki ndi kampopi zizitsukidwa ndi siponji pakatha masabata awiri alionse, ndipo Jik kamodzi pamwezi. Mu Okutobala ndi Novembala, kukatentha, ntchofu imamera msanga, ndiye fupikitsani. Tsukaninso mukabwera kuulendo, sefa itakhala masiku osagwira ntchito, ndiponso nthawi iliyonse imene wina m'nyumba watsegula m'mimba. Koma chimene chimathandiza kuposa kutsuka ndi kusalola madzi kugona m'thanki nthawi yaitali. Chizolowezi chongowonjezera pamwamba, pansi pasanathe, chimasiya madzi akale pansi pa kampopi mwezi ndi mwezi, chifukwa kampopi sikakhala pansi penipeni. Pakapita masiku awiri, pendeketsani thanki, otsalawo apite kophikira kapena kotsukira mbale. Kampopi kazipukutidwa kunja ndi kathonje konyowetsa m'madzi a Jik osungunula aja, ndipo ana aphunzire kuti kapu kapena botolo sizigunda pakamwa pa kampopi.

Tsopano za achemwali anu a ku Lilongwe. Sefa zamagetsi za pakhoma, zambiri mwa izo zotchedwa RO, zimachotsa klorini yense madzi asanafike pa kachikopa kosefera kamene ndi mtima wa makinawo, chifukwa klorini amawononga kachikopako. Ndiye vuto la madzi opanda mlonda lija kwa iwo ndi lomwelo. Ngati makina awo ali ndi thanki yapulasitiki mkati, yokhala ndi chivindikiro pamwamba, atha kutsuka okha. Azimitse ndi kuzula pulagi kukhoma, atseke kavavu kolowetsa madzi, atulutse madzi onse pa kampopi, atsegule chivindikiro. Mkatimo apeza kachinthu koyandama kamene kamazimitsa makina thanki ikadzaza. Kameneko asakakoke kapena kukapinda. Atikite ndi siponji yatsopano, athire madzi a Jik pa muyeso womwe uja m'thanki mokha, adikire mphindi 30, atulutse pa kampopi, atsukuluze, madzi asadonthere pa mawaya. Akayatsa, thanki yoyamba kudzaza aitaye. Chimene asayese ndi kuthira Jik kumene madzi amalowera kuti ayende m'makina monse, chifukwa akatero apha kachikopa kaja, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zodula pa makinawo. Makina ena ali ndi nyali ya UV yophera majeremusi. Imeneyo imafooka ngakhale ikuyakabe, kotero imasinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo asaiyang'ane ili yoyaka chifukwa imawononga maso. Akumbukirenso kuti nyaliyo imagwira ntchito pa madzi odutsa pa iyo basi. Amene ali kale m'thanki sikuwalondera.

Mtundu wina wa RO umakhala pansi pa sinki, uli ndi thanki yachitsulo yotsekeka yooneka ngati kasilinda ka gasi. Imeneyo sitsegulidwa, ndipo asalole aliyense kuiboola kapena kuimasula pakati. Mkati mwake muli chikhodzodzo cha rabala chokankhidwa ndi mpweya, ndipo ndi mpweyawo umene umatulutsa madzi pampopi. Kuitsuka kumafuna kuchotsa mafyuluta onse ndi kachikopa kaja, kuyendetsa madzi a klorini m'mapaipi mpaka m'thanki, kudikira, kutsukuluza kangapo, kenako n'kuika mafyuluta atsopano. Ndi ntchito ya kamodzi pachaka, ndipo ndi bwino aichite mmisiri pa tsiku losintha mafyuluta. Achemwali anu aimirire pomwepo n'kufunsa kuti, "Thanki mwaitsukanso?" chifukwa amisiri ambiri amangosintha mafyuluta n'kumapita. Ngati madzi akutuluka pang'onopang'ono koma thanki ikulemera ponyamula, vuto si dothi, ndi mpweya. Pali kavavu ngati ka tayala la njinga, ndipo thanki ikakhala yopanda madzi mpweya wake umayenera kukhala pafupifupi 7 psi pa geji yoyezera mpweya wa m'matayala. Pa kavavuko pakatuluka madzi m'malo mwa mpweya, chikhodzodzo chaphulika ndipo thanki isinthidwe.

Kubwerera kwa inu, mayi, pali malire a zimene siponji ingathe. Mliri wa kolera umene unakuchititsani kugula sefayi unayamba mu Marichi 2022 ku Machinga, unafika m'maboma onse, ndipo unapha anthu oposa 1,700, ndiye mantha anu si opanda pake. Wina m'nyumba akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi kambirimbiri, makamaka chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, kapena akusanza, maso kulowa mkati, musatayenso nthawi ndi sefa: mupatseni Thanzi ORS akumwa m'njira, mupite kuchipatala nthawi yomweyo. N'chimodzimodzi mwana akamachita chimbudzi cha magazi, kapena wina akamatentha thupi masiku angapo popanda malungo. Ngati m'nyumba muli khanda losakwana miyezi 6 limene likumwa mkaka wosungunula, mayi woyembekezera, kapena wina amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka, madzi awo aziphitsidwa ngakhale adutsa m'sefa. Dziwaninso kuti kandulo ya dongo imagwira bwino mabakiteriya ndi tizilombo tokulirapo, koma mavairasi ndi aang'ono kwambiri moti ena amadutsa. N'chifukwa chake nthawi ya mliri kapena madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023, ndimalangiza kuti madzi otuluka m'sefa alandirenso WaterGuard m'chigubu chotsekeka. Kafungo ka klorini kapirireni nyengo imeneyo.

Ngati madzi a pampopi penipenipo abwera akuda kapena akununkha zonyansa, musawathire m'sefa kuti iwakonze. Dziwitsani a bungwe la madzi ndi alangizi a zaumoyo, ndipo funsani aneba ngati nawonso akuona zomwezo. Amene amatunga pachitsime kapena pamjigo wawo atha kupititsa madzi kukayezedwa ku Malawi Bureau of Standards kuti adziwe chimene akulimbana nacho, chifukwa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi kandulo sichotsa.

Mukatsuka monga ndafotokozeramu, dikirani masiku atatu kenako mumwetse mwana wanu wamkulu uja, popeza mphuno yake ndiyo inagwira vutoli poyamba. Akati fungo lilipobe, musabwerezenso Jik kachiwiri ndi kachitatu. Sinthani kampopi ndi marabala ake, n'zotsika mtengo ndipo zimapezeka m'masitolo a zipangizo za mapaipi ku Limbe ndi m'tauni. Likapitirirabe makandulo ali atsopano, ndiye kuti fungo lalowerera m'pulasitiki ya thankiyo, ndipo chigawo cha pansicho chisinthidwe. Mukamasaka china, chikhale chopangidwira zakudya kapena madzi akumwa, osati chidebe chimene munali penti kapena mafuta a galimoto, ndipo ngati pali chosankha, tengani chosaonekera mkati.